Nanga Ellen alankhula liti?

Buku la Lois Lowry lotchedwa Number the Stars lidatuluka m'chaka cha 1989, ndipo mu 1990 lidapata mphotho ya Newbery Medal ku America. Ndi nkhani yopeka koma yotsamira pa mbiri yoona. Tili mumzinda wa Copenhagen mu 1943, dziko la Denmark lili m'manja mwa asilikali a Hitler, ndipo kwamveka kuti Ayuda onse agwidwa.

Annemarie Johansen, mtsikana wa zaka 10, ali ndi mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, Ellen Rosen, yemwe ndi Myuda. Makolo a Annemarie amtenga Ellen kuti azioneka ngati mwana wawo. Pakati pa usiku asilikali agogoda pakhomo. Apa ndiye pagona luso la Lowry. Annemarie adula mkanda wa nyenyezi ya Davide m'khosi mwa Ellen n'kuufumbata. Asilikali atakayikira tsitsi lakuda la Ellen, bambo aonetsa chithunzi cha mwana wawo amene adamwalira, Lise, akadali khanda la tsitsi lakuda. Wowerenga mtima umakhala m'malere. Maliro onamizira kwa amalume Henrik, msodzi uja, ndi kampango kosokoneza mphuno za agalu a asilikali, nazonso zidalembedwa mwaluso.

Koma tisabise Chichewa. Nkhani yonse tikuionera m'maso mwa wopulumutsa. Ellen, mwini mavutowo, akungolandiridwa, kubisidwa, n'kukwezedwa m'boti ngati katundu wosachedwa kusweka. Kodi mwana amamva bwanji poyankhira dzina la munthu wakufa kuti iye akhale ndi moyo? Funso lalikulu chotere bukuli langolilambalala.

Taonani When Hitler Stole Pink Rabbit, la Judith Kerr, la mu 1971. M'menemo Anna, amene athawa ku Berlin mu 1933, ndiye mwini nkhani. Tikumva kuvutika kwake ndi Chifalansa ku Paris, umphawi wogwera makolo ake, ndi chidole chija adachisiya kwawo. Kerr adathawadi chomwecho ali mwana, ndipo zikuchita kumveka.

Chachiwiri, za ku Denmark sizidali za ponseponse. Ayuda oposa 7,000 adaolotsedwa nyanja kupita ku Sweden mu 1943, ndipo ochepera 500 ndiwo adagwidwa n'kutumizidwa kundende ya Theresienstadt. Kwina ku Ulaya zidali zolira. Ana achiyuda pafupifupi 1.5 miliyoni adaphedwa. Mwana wowerenga buku lokhali angaganize kuti paliponse anansi ankabisa anzawo.

Pajatu ifenso kuno tidasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique okwana miliyoni imodzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Timakonda kusimba za kuolowa manja kwathu, koma mwana amene adakulira mumsasa ku Nsanje kapena ku Dedza, ndani adamfunsa?

Number the Stars muwagulire ana, n'lokoma. Koma pambali pake muikepo la Kerr, kuti wothawayo nayenso adzinenere yekha.