Kalilole wa Mayi Norwood

Mainjiniya ambiri sankachikhulupirira chipangizochi. Iwo ankati mumlengalenga sumatumizamo chinthu chogwedezeka, chifukwa chikathyoka palibe amene angakwere kukachikonza. Koma Mayi Virginia Norwood, katswiri wa masamu wa ku kampani ya Hughes Aircraft ku California, anabwera ndi makina amene ntchito yake yonse inatsamira pa kalilole wogwedezeka, womenya pa zotchinga zake uku ndi uku maulendo 13 pa sekondi imodzi. Pofuna kutsimikizira okayika, anzawo a ntchito anakweza makina oyeserera pa galimoto n'kukajambula thanthwe lalikulu la Half Dome ku Yosemite.

Setilaiti yoyamba ya Landsat inanyamuka pa 23 Julayi 1972 ku Vandenberg, itakwezedwa pa roketi ya Delta. Kamera imene onse ankaidalira inali ya kampani ya RCA, yofanana ndi za wailesi yakanema. Makina a mayiwa, otchedwa Multispectral Scanner, anangowatenga ngati oyesera. Patangopita milungu iwiri, vuto la magetsi linazimitsitsa kamera yodalirika ija, ndipo ntchito yonse inagwera kalilole. Anaisenza mpaka 1978.

Chimene chimandigwira mtima ndi kajambulidwe kake. Makinawa sajambula kamodzi n'kutha, monga ichitira foni. Amachita ngati mlimi wounga mizere. Kalilole akapendekeka kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, amatola kuwala kwa mizere isanu ndi umodzi ya nthaka, uliwonse wotalika makilomita 185. Pamene akubwerera, setilaiti imakhala yasuntha mtunda wokwanira ndendende mizere isanu ndi umodzi ija, choncho ulendo wotsatira umayambira pomwe woyamba unalekezera, osasiya mpata, osapondanso podutsa kale. Mayi Norwood anaona kuti setilaiti ikuyenda kale yokha, ndiye palibe chifukwa choti kalilole avutike ndi mbali ziwiri. Iye asese chopingasa, liwiro la setilaiti lichite zotsalazo. Kupendekeka kwake n'kochepa kwambiri, sikufika madigiri atatu mbali iliyonse, koma uli pamtunda wa makilomita 900 kumeneko kumakwanira kuona dera lalikulu kuposa m'lifupi mwa nyanja ya Malawi.

Kuwala kotoledwako ankakugawa panayi: kobiriwira, kofiira, ndi mitundu iwiri ya infrared, imene diso la munthu siliona. Apa mpamene pagona nzeru yothandiza mlimi. Tsamba lathanzi limamwa kuwala kofiira koma limabweza infrared wambiri, pamene madzi amamumeza n'kuoneka bii. Munda wa chimanga chosangalala ndi munda wofota zimasiyana poyera, gombe la nyanja limadulika ngati ndi mpeni. Ndipo mayiwa anaumirira kuti zonsezi zitsike pansi ngati manambala, osati ngati kanema, kuti kompyuta izitha kuyerekeza kadontho ka chaka chino ndi kadontho komweko ka zaka khumi zapitazo.

Kuyerekeza kotero kukanakhala kopanda pake ngati dzuwa likanamawala mosiyana pa chithunzi chilichonse. Izi anazithetsa ndi njira imene setilaiti imadutsa. Landsat 8 ndi Landsat 9, zimene zinanyamuka mu 2013 ndi 2021 pa roketi za Atlas V, zimauluka pa makilomita 705 ndipo zimazungulira dziko m'mphindi 99, kutsika kuchokera kumpoto kupita kummwera. Nthawi zonse zimadutsa mzere wa equator cha m'ma 10 koloko m'mawa. Dziko si lobulungira bwinobwino, n'lotupa pakati ngati dzungu, ndipo kutupako kumakoka njira ya setilaiti n'kumaipotoza pang'onopang'ono. Akatswiri sanalimbane nako. Anapendeketsa njirayo madigiri 98.2 kuti izipotoka pafupifupi digiri imodzi pa tsiku, mofanana ndi mmene dziko limasunthira pozungulira dzuwa, popanda kuwotcha mafuta pa ntchito imeneyi. Ola la m'mawalo nalo silinasankhidwe mwangozi: aliyense amene anayanikapo ufa m'dzinja amadziwa kuti mitambo imakonda kusonkhana dzuwa likapendeka. Njira yotsika kuchokera kumpoto kupita kummwera ija ndiyo imachititsanso kuti masetilaitiwa azinyamukira ku Vandenberg, kumene roketi imatha kulunjika kummwera pamwamba pa nyanja ya Pacific popanda mudzi pansi pake.

Setilaiti iliyonse imabwerera pamalo amodzimodzi pakatha masiku 16, ndipo ziwirizi zikamasinthana zimafika masiku asanu ndi atatu alionse. Kuyambira 2008 bungwe la boma la America la USGS linatsegula nkhokwe ya zithunzizi kwaulere. Wophunzira wa ku Zomba akhoza kuzitsitsa pa intaneti n'kuona mmene nyanja ya Chilwa yakhala ikuphwera ndi kudzazanso, kapena mmene nkhalango ya Dzalanyama yadyekera m'mphepete.

Mayi Norwood anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 96. Makamera a Landsat a lero alibenso kalilole womenya uja, ali ndi timaso zikwizikwi tondandalikidwa mzere umodzi. Koma m'lifupi mwa chithunzi mukadali makilomita 185, monga momwe zinalili pa ulendo woyamba wa 1972.