Mphindi zitatu za Jay Pasachoff mu Lusaka

Lachinayi pa 21 June 2001, nthawi itangopitirira 3 koloko masana, dzuwa linazima mu Lusaka. Ife ku Kabwata tinali pabwalo, magalasi amakatoni ali kumaso. Pansi pa mtengo wa mango, timadontho ta kuwala todutsa m'masamba tinasanduka timiyezi tokhota tosawerengeka. Kunazizira mwadzidzidzi, nkhuku n'kuyamba kulondola kukhola, ndipo mdima utagwa komboni yonse inakuwa kamodzi. Kumwamba kunatsala bowo lakuda bii, lozingidwa ndi nthenga zoyera mbee.

Mumzinda momwemo munali mlendo amene analibe mpata wokuwa nawo. Jay Pasachoff, mphunzitsi wa zakuthambo wa ku Williams College m'chigawo cha Massachusetts ku America, anabwera ndi ophunzira ake ndi mabokosi a zipangizo kudzagwira ntchito ya mphindi zitatu ndi timasekondi pang'ono. Nthenga zoyera zija, zimene akatswiri amati korona, ndizo anazilondola moyo wake wonse.

Dzuwa ndi nyenyezi, ndipo ndi yokhayo imene tili nayo pafupi moti tingaipende bwinobwino. Koma lili ndi mwambi wake. Woyandikira moto ndiye amamva kutentha, wotalikira amazizidwa. Padzuwa zimatembenuka: nkhope yake imatentha madigiri pafupifupi 5,500, pamene korona, mpweya wopyapyala umene uli kunja kwake, umapitirira madigiri 1 miliyoni. Chimautenthetsa n'chiyani? Pasachoff anatsata ganizo lakuti mphamvuyo imakwera ndi mafunde othamanga kwambiri oyenda m'zingwe za maginito zimene zimapindika pamwamba pa dzuwa ngati uta.

Apa ndi pamene ndimagoma nalo luso lake. Mafunde oterowo sungawaone ndi diso. Iye ankaika pa telesikopu sefa yolola mtundu umodzi wokha wa kuwala kudutsa, wobiriwira, umene umachokera ku chitsulo chotentha kwambiri moti atomu iliyonse yataya maelekitironi 13. Kuseri kwa sefayo kamera inkajambula zithunzi zingapo pa sekondi iliyonse, kuti pambuyo pake aone ngati kadontho kena ka korona kankaphethira pafupifupi kamodzi pa sekondi. Pa kadamsana wa 1999 ku Romania gulu lake linapeza zizindikiro za kuphethira kotero, ndipo funsolo anabwera nalo kuno. Tangoganizani manja a munthu wodziwa kuti akachedwa kuchotsa chotchingira pagalasi, kapena telesikopu ikapotoka pang'ono, mwezi sungaupemphe kuti ubwereze. Nzeru zonse zimathera pa kukonzekera: kusankha malo molingana ndi mbiri ya mitambo, kuimika makina kudakali masiku, kuyeseza mpaka aliyense adziwe batani lake mumdima. Lusaka ya mu June, youma ndi ya thambo loyera, sinamugwiritse mwala.

Wina angafunse kuti kuvutikiranji chonsecho pamene m'mlengalenga muli kale makina oyang'ana dzuwa usana ndi usiku, monga SOHO amene anaponyedwa mu 1995. Yankho limene Pasachoff ankapereka mosatopa n'lakuti kambale kamene makinawo amatchingira nako dzuwa kamaphimbanso kumunsi kwa korona, kumene kuli nkhani yeniyeni. Mwezi ndiwo umatchinga mwa muyezo: ndi wochepa kuwirikiza pafupifupi 400 poyerekeza ndi dzuwa, komanso uli pafupi nafe kuwirikiza 400 momwemo. Zithunzi za ku Lusaka anazilumikiza ndi za SOHO, n'kutseka mpata umene makinawo amasiya. Chakacho dzuwa linali pachimake pa nyengo yake ya zaka 11, n'chifukwa chake korona tinamuona atayangalala mbali zonse.

Kadamsana wake woyamba anamuonera m'ndege mu 1959, ali ndi zaka 16, atatengedwa ndi mphunzitsi wake wa ku Harvard, Donald Menzel. Chimene anamuchitira Menzel iyenso anachitira ena. Kuyambira 1972 pamene anafika ku Williams, ankayenda ndi ophunzira a digiri yoyamba n'kuwapatsa makina enieni kuti ayendetse, ndipo angapo mwa iwo lero ndi akatswiri a dzuwa. Analemba mabuku ophunzitsira, anatsogoleranso kwa zaka zambiri kagulu koona za kadamsana m'bungwe la International Astronomical Union.

Anamwalira mu November 2022 ataona kadamsana wathunthu maulendo 36. Mukaphatikiza mdima wonsewo wa zaka zoposa 60, sungakwane ndi theka la tsiku lomwe. Mphindi zitatu mwa zimenezo anazipeza kwathu kuno, masana aja pamene kuwala kunatumphuka m'mphepete mwa mwezi, atambala a ku Kabwata n'kulira ngati kwacha.