Oimba akapita, ntchito imatsala

Oimba akatsazika n'kutuluka m'situdiyo, wojambula nyimbo wodziwa ntchito yake sathamangira kuthimitsa kompyuta. Amakhalabe pampando, ndipo zimene amachita pa mphindi zimenezo ndimazilemekeza kuposa luso lake lokometsa kulira kwa gitala.

Iye amadziwa kuti fayilo ya polojekiti, kaya ndi ya Pro Tools, Cubase kapena Ableton Live, ilibe mawu m'kati mwake. Ili ngati kope la ngongole la pa okala: limangonena kuti zakutizakuti zili kwa uje, koma ndalamazo mulibemo. Ng'oma ina inatengedwa pa fulashi ya mnzake, mawu a woimba ali m'foda ina, ndipo fayiloyo imangoloza kumene zili. Wokopera iyo yokha adzaitsegula mawa n'kupeza mizere yopanda kanthu. Choncho wojambulayo amayamba walamula pulogalamuyo kuti isonkhanitse zonse m'foda imodzi. Mu Ableton lamuloli limatchedwa Collect All and Save.

Kenaka amachita chimene chimandisangalatsa koposa. Amatulutsa chida chilichonse pachokha ngati fayilo ya WAV, ndipo zonse amaziyambitsa pa sekondi yoyamba ya nyimbo, ngakhale lipenga limene limangolira kumapeto. Fayilo ya lipengalo imakhala chete kwa mphindi zitatu, koma kukhala cheteko ndiko kumaisungira malo ake. Aliyense amene adzaike mafayilowa pamodzi, m'pulogalamu iliyonse, adzapeza besi, kiyibodi ndi mawu zikugwirizana popanda kusuntha kanthu. Mawu a woimba amawatulutsa pawiri, osathira kanthu ndi okometsa kale, chifukwa timapulogalamu tokometsera mawu timatha fasho, ndipo tina timakana kutseguka pa kompyuta yatsopano. Mayina amalemba omveka, kuyamba ndi chaka, mwezi, tsiku, kuti mafayilo azidzindandalika okha. Liwiro la nyimbo ndi kiyi yake amazilemba m'kafayilo kapadera.

Malo ofunika si ochuluka. Mphindi imodzi ya chida chimodzi, pa 24-bit ndi 48 kHz, imadya pafupifupi 8.6 MB, kotero nyimbo ya mphindi zinayi yokhala ndi mizere 40 imakwana mu 1.4 GB. MP3 yotumizirana pa WhatsApp si kusunga ayi: zida zonse zaphatikizidwa kale, ndipo mbali ina ya mawu inatayidwa poichepetsa.

Posunga amatsata njira imene wojambula zithunzi Peter Krogh anaitchukitsa, ya 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi situdiyo. Lakutalilo ndilo ambiri amalinyozera. Hard drive yogona m'chikwama chimodzi ndi laputopu, wakuba amanyamula zonse pamodzi, ndipo moto susankha. Pa 1 June 2008 moto unatentha nyumba yosungiramo matepi ku Universal Studios Hollywood. Mu 2019 The New York Times Magazine inalemba kuti matepi oyambirira oposa 100,000 anapsa, ngakhale eni matepiwo anati chiwerengerocho n'chokokomeza. Zimbale zimene zinatuluka kale zilipobe, inde, koma tepi yoyambirira ikapsa ndiye kuti mwayi wobwerera kukaikonzanso nyimboyo kuchokera pagwero wapita. N'chifukwa chake wojambula wathuyu amapita ndi hard drive ina kunyumba, kapena amasiya foda ikukwera pa intaneti usiku.

Sakhulupiriranso kompyuta ikangomuuza kuti yamaliza kukopera, makamaka kumene magetsi amazimazima. Amatsegula kopelo pa makina ena, n'kumvetsera nyimbo yonse mpaka kumapeto, khutu lili pa chida chilichonse.

Ndipo sasiya hard drive kugona m'kabati zaka zambiri. Mu 2024 kampani yosunga zinthu zakale ya Iron Mountain inanena kuti mwa ma hard drive a nyimbo a m'ma 1990 amene anawabweretsera, pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse inali yosawerengekanso. Choncho iye amazitulutsa nthawi ndi nthawi, amazilumikiza, amamva ngati zikuzungulira bwino, ndipo pakapita zaka zingapo amasamutsira zonse pa yatsopano yakaleyo isanayambe kulira kuti tche, tche, tche.