Maina a Mphanda, mwana wa Wegner

Go! Go! Go! Igogode nyundo, ivomere ng'oma. Sendezani thebulo uko, timutchule maina mpando, mwana wa ku Denmark.

Iwe Mphanda! Iwe Msana-wa-Y, Chiimira-njo, Miyendo-inayi-yosatsimphina! M'kaundula anakulemba CH24, koma amenewo ndi maina a akalaliki. Unabadwa papepala mu 1949, unatuluka pakhomo la Carl Hansen & Søn ku Odense mu 1950, ndipo chiyambire pamenepo sanalekepo kukupanga. Anzako ena amsinkhu wako anawatchingira chingwe m'nyumba zosungiramo zakale kuti munthu asawakhalire. Iwe ukadali pachakudya, ana akukudonthezera msuzi.

Mwana wa Hans Wegner wa ku Tønder, Wegner mwana wa wosoka nsapato, amene analowa ukalipentala ali ndi zaka 14, nadziwa pulena asanadziwe kujambula. Tate wa mipando yoposa 500! Mdzukulu wa ku China iwe, pakuti agogo ako ndi mipando ya m'nthawi ya Ming. Wegner anaiyang'ana, nachotsa ichi, nachotsa icho, mpaka panatsala chimene thupi la munthu likufuna basi.

Iwe Mkhota-ndi-nthunzi! Amati mtengo auwongole ukadali waung'ono, koma amisiri ako anaupinda utakula. Amauika m'nthunzi mpaka ufewe, naukhotetsa ukadali wotentha, naumanga pachikombole kuti uumire pomwepo. Uta umodzi umenewo ndiwo wotsamirapo msana, ndiwonso poika mikono. Zidutswa 14, ntchito zoposa 100, zambiri mwa izo za manja. Go! Go! Msomali wamtengo walowa m'dzenje lake, kuti thi!

Tsopano ilire kwambiri, tafika pa woluka. Iwe Mkhala-papepala! Inde, pepala, lomwe lija timaliyesa lopanda mphamvu, koma lopotedwa mpaka lasanduka chingwe. Mamita pafupifupi 120 pampando umodzi, ndipo mmisiri wozolowera amatha ngati ola lathunthu ali chiimire. Akoka, akulunga pamtanda, adutsa pansi, akokanso. Ayambira m'ngodya kulowera pakati, chingwe chigundane ndi chinzake, nga nga nga, popanda mpata woti chikhadabo chilowe. Mbali zinayi zikakumana pakatikati, mfundo zonse zabisala kunsi. Akalekerera chingwe chimodzi chokha, wokhalapo adzamva ndi matako ake. Dzina la Wegner lili m'mabuku, la woluka mulibe, chonsecho amene umakhalira ndi iyeyo. Inu Zala-zolimba, inu Akoka-osatopa, ng'oma iyi ndi yanu!

Mbale wako Wozungulira, wa chaka chomwecho cha 1949, wosemedwa kwa Johannes Hansen, ndiye ananyamula Kennedy ndi Nixon pa mtsutso wa pa TV mu 1960. Msiyeni ameneyo ndi mabwana ake.

Iwe Wopanda-kumbuyo! Tate wako Wegner ankati mpando uzikongola mbali zonse, usakhale ndi mbali yobisa kukhoma. Mzungulireni, mtembenuzeni, pitirizani dzanja pamtengo wa oak wotsukidwa ndi sopo, kuti see! Mnyamuleni ndi dzanja limodzi, ngwopepuka. Iwe Mkalamba-mochedwa, Wakuda-pogwira-manja! Zaka zikachuluka chingwe n'kuyamba kunyotsoka, sakutaya kudzala. Amachidula ndi mpeni, nakusiya mafupa okhaokha, woluka wina n'kumanga mfundo yake pangodya. Akoka! Akulunga! Akokanso!