Kachizindikiro kamene anakataya mu 1990

Nditayamba kuwerenga Chipwitikizi mokweza, ndinkalakwitsa malo amodzimodzi. Lilime lathuli linazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: ku-LI-ma, a-dza-BWE-ra. Ndiye ndikaona falará ndinkati fa-LA-ra. Osadziwa kuti ndasintha nthawi ya mneni. Fa-LA-ra ndi "anali atalankhula", pomwe fa-la-RÁ ndi "adzalankhula". Malembo ndi omwewo, maphatikizo ndi atatu omwewo, koma wina akunena zakale, wina zam'tsogolo.

Mukamuphwanya mneniyu mupeza zidutswa zitatu: tsinde fal-, kenako -a- wosonyeza kuti ndi wa gulu la falar, ndiye -ra wonyamula nthawi. Ntchito yotsalayo imagwiridwa ndi pomwe mwatsindika, ndipo wotiuza potsindikapo ndi kamzere kakang'ono pamwamba pa lembo.

Apa ndi pomwe ndimakangana ndi Acordo Ortográfico ya 1990, mgwirizano wofuna kuti mayiko olankhula Chipwitikizi azilemba mofanana. Falará sanamukhudze, zikomo. Koma pára, kutanthauza "amaimitsa", anamuvula kachizindikiro n'kukhala para, yemwenso ndi mawu otanthauza "kwa" kapena "ya". Tsono muwerenge mutu wa nkhani wakuti "Chuva para o jogo". Kodi mvula yaimitsa masewero, kapena ndi mvula imene ikuyembekezeka pa masewero? Ku Portugal pakamwa amasiyanitsa mawu awiriwa, koma pepala silikuthandizanso.

Falámos, "tinalankhula", ndi falamos, "timalankhula", nawonso anawasokoneza: mgwirizanowu unati kulemba kachizindikiroko n'kufuna kwako. Oikira kumbuyo zimenezi amati chiganizo chonse chimakuuza tanthauzo. N'zoona, kwa amene anayamwira chilankhulocho. Nanga mwana wa ku Angónia, amene kunyumba amalankhula Chinyanja n'kukakumana ndi Chipwitikizi kusukulu? Iyeyo amadalira zomwe diso laona.

Ife Achewa vutoli timalidziwa bwino. "Ndinathandiza" amatha kunena za kalekale kapena za posachedwapa malinga ndi pomwe wakwezera liwu, koma polemba sitisonyeza. Owerenga amachita kulingalira okha, ndipo mlakatuli akamva wina akulakatula ndakatulo yake molakwika amangoluma mano. Chipwitikizi chinali ndi chida chimene ife tilibe. Kuchitaya pa pára kuti zilembo zichepe kunali kupeputsa ntchito ya wolemba n'kusenzetsa katundu wowerenga.