Za Copereka ca Makolo pa Sukulu

M'caka ca 1994 Boma la Bakili Muluzi linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, ndipo ana atsopano oposa 1 miliyoni anadza kudzalembetsa. Koma zipinda sizinaculuke monga anawo. Ambiri anaphunzira pansi pa mitengo. Cifukwa cace makomiti a makolo, ku Kawale, ku Chinsapo ndi kwina, anasonkhetsa ndalama za citukuko, zoumbira njerwa, zokumbira zimbudzi, zolipira mlonda ndi madzi.

Kusonkhako sitikutsutsa ai, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cotidandaulitsa ndi ici: kubweza pakhomo pa sukulu mwana wa mkazi wamasiye wa ku Mgona cifukwa amace asowa kobiri. Pamenepo copereka casanduka malipiro omwe aja, obvala dzina lina, ndipo wolangidwa ndiye mwana, amene sanakhalepo pa msonkhano wopangana mtengowo.