Inki ya Chibakuwa pa Boma la Phalombe

Mwa zonse zimene munthu angaone pa Boma la Phalombe, patsinde pa phiri la Michesi, chimene chimandigwira mtima n'chaching'ono ndithu: madontho a inki ya chibakuwa amene mlembi amathira pa kansalu ka chidindo, nadikira kuti alowerere, asanakhudze kalata ya munthu. Utoto wotere, umene William Perkin anautsegulira njira ku London mu 1856, unabadwira m'phula lakuda la malasha, ndipo ndi mbale wake wa jivi uja amapaka anamwino pazilonda.

Taonani dzanja la mlembi wozolowera! Akachulutsa inki zilembo zimasungunuka, akaumira dzina la ofesi limatuluka lotuwa. Koma iye, atatembenuza timanambala ta tsiku ndi chikhadabo, amagunda kamodzi kokha, phaa, dzanja osagwedera, nauzira pepalalo pang'ono lisanapindidwe, zala zake zili bii mpaka madzulo.

Pakadapanda chizindikiro chimenechi, kalata ya mfumu yochitira umboni munda wa mayi wamasiye wa kwa Nazombe ikadangokhala pepala wamba, ndipo mwana wofuna malo kusukulu akadabwerera chimanjamanja.